Timakina tonong'onezana: kuchoka ku mauna a mbalame, ulendo wa ku balani

Aliyense amene anawotchapo fodya ku Kasungu amadziwa kuti sabata ya balani ilibe tulo. Moto umayamba mofatsa, madigiri 35 kapena kuposerapo pang'ono, kuti tsamba lichite chikasu. Pomaliza umafika cha m'ma 70 kuti msempha uume. Pakati pa usiku munthu amadzuka ndi tochi, kusuzumira kachoyezera kutentha, kusonkhezera nkhuni, utsi uli m'maso. Akalola tulo timube, mtengo wa ku msika wa fodya wa Chinkhoma ndiwo udzamuuze.

Chikhalirecho, timakina totha kumulonderera tinabadwa kale. Mu 2002, akatswiri a yunivesite ya California ku Berkeley anamwaza timasensa toposa 30 pachilumba cha Great Duck ku America, tina m'mauna a mbalame za kunyanja, kuti tiziyeza kutentha munthu osapondako. Nzeru imene inakula m'ntchito zotere ndi ya kumudzi kwenikweni. Kamakina sikakuwa kuti kamveke patali. Kamanong'oneza kanzake kapafupi, iko n'kupatsira kena, monga timapatsirana njerwa pomanga tchalitchi, mpaka uthenga utafika. Kamodzi kakafa, uthenga umalambalala. Toyezato timakhala tili mtulo nthawi yambiri, n'chifukwa chake batire yake imakhalitsa.

Malamulo a wailesi yotere, IEEE 802.15.4, anatuluka mu 2003, ndipo Zigbee, njira yolankhulirana timakinati, inakhazikika mu December 2004. Dzinali linachokera ku kavinidwe ka njuchi ikamalozera zinzake kumene kuli maluwa. Kenako luso lija linakalowa m'nyumba za opeza bwino kukayatsa mababu, njira ina yofanana nayo yotchedwa Thread n'kutsatira mu 2014.

Kwathu kuno linafikira kumunda, ndipo n'zimene zimandikhudza mtima. Mu 2012, akatswiri a ku Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, anafalitsa zimene anachita ku Manja mu mzinda wa Blantyre. Anaika timasensa m'munda wa chimanga toyeza chinyontho, toyendera sola, tolankhulana pa Zigbee. Nthaka ikauma madzi ankatseguka okha, malipoti n'kumapita pa netiweki ya foni.

Chimene chinatheka pa chimanga ku Manja chingatheke pa mabalani ondandana pa esiteti, ndipo moto woyezedwa bwino sudya nkhuni pachabe m'boma lomwe mitengo yake yapita ndi fodya. ARET, bungwe lofufuza za ulimi wa fodya, ili ndi sukulu yake ya ulimi pa Mwimba, ku Kasungu konkuno. Akuluakulu a ARET ndi a MUBAS, yesani pa mabalani asanu okha nyengo ikubwerayi.