Chimake cha mpeni chachikopa

Chimake cha mpeni ndi kathumba kolimba komwe munthu amalongamo mpeni kuti usamucheke pounyamula, ndiponso kuti mpeniwo usabunthe msanga. Mawu akuti chimake ndi akale; Buku Lopatulika limawagwiritsa ntchito pa Yohane 18:11 ponena za cholongamo lupanga. M'madera oweta mbuzi ndi ng'ombe, monga kwa Mfumu Yaikulu Kasakula m'boma la Ntchisi ndi m'mapiri a ku Dowa, chikopa chimapezeka nthawi yomwe chiweto chaphedwa, choncho chimake chikhoza kusokedwa pamanja popanda makina.

Kukonza chikopa

Chikopa cha ng'ombe ndi chimene chimayenera kwambiri chifukwa ndi chochindikala. Chokwana mamilimita 3 chimakhala bwino. Cha mbuzi ndi chopyapyala, motero chimafunika kuphatikiza ziwiri. Akasenda chiweto, amapala mafuta ndi tinyama totsalira, kenako amatambasula chikopacho ndi zikhomo n'kuchiumitsa pamthunzi. Chikopa chongouma chotere chimakhala gwa, koma chikanyowa chimafewa ndipo chimatha kuwola.

Pofuna kuti chikhalitse, amachifufuta. Njira yakale ndi kuchotsa ubweya pochiviika m'madzi a laimu kapena a phulusa, kenako n'kuchinyika kwa milungu ingapo m'madzi a makungwa okhala ndi tannin. Ku Sudan ndi ku Nigeria amagwiritsa ntchito nyemba za mtengo wa Acacia nilotica. Njira ya m'fakitale, ya mankhwala a chromium, idayamba kufala Augustus Schultz atailembetsa ku America mu 1884. Njirayi imafulumira, koma amisiri ambiri amakonda chikopa chofufutidwa ndi makungwa chifukwa chikachinyowetsa chimatenga maonekedwe a mpeni n'kuumira momwemo.

Kasokedwe kake

Mmisiri amagoneka mpeni papepala n'kujambula mozungulira, kusiya mpata wa pafupifupi sentimita imodzi kumbali yakuthwa. Akadula chikopa motsata pepalalo, amachipinda kumsana kwa mpeni. Lamba wokolekera m'chiuno amasokereratu chimake chisanatsekedwe, poti pambuyo pake singano singafikenso m'kati.

Chofunika koposa ndi kachikopa kakang'ono kotalika komwe amakaika pakati pa mbali ziwirizo, motsata msoko. Mpeni ukamalowa ndi kutuluka umakhudza kachikopako osati ulusi. Popanda iko, ulusi umaduka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina nsonga imatulukira n'kubaya ntchafu ya mwini wake.

Mabowo amaboola ndi lisungulo, kapena sipoko ya njinga yosongoledwa, motalikirana pafupifupi mamilimita 5. Amasoka ndi ulusi wolimba wopaka phula la njuchi, pogwiritsa ntchito singano ziwiri zodutsana pabowo lililonse. Msoko wotere ukaduka pamalo amodzi sumasuka wonse. Pomaliza amanyowetsa chimake, n'kulowetsamo mpeni wokulungidwa m'pulasitiki, n'kumakanikiza ndi zala mpaka chikopa chitaugwira bwino. Amachiumitsa pamthunzi, osati pamoto, chifukwa kutentha kumachikwinyitsa ndi kuching'alula.

Zoyenera kusamala

Chikopa chimasunga chinyezi. Mpeni wachitsulo ukalongedwa uli wonyowa, makamaka m'nyengo ya dzinja, umachita dzimbiri. Ndi bwino kuupukuta usanalongedwe ndi kupaka chimake phula kapena mafuta pang'ono.

Chikopa cha chiweto chofa mwadzidzidzi popanda chifukwa chodziwika sichiyenera kusendedwa. Tizilombo ta matenda a anthrax timakhala m'chikopa kwa zaka zambiri ndipo timalowa m'thupi la munthu kudzera pabala. Imfa yotere iyenera kukanenedwa kwa alangizi a ziweto.

Makungwa nawonso ali ndi malamulo ake. Kusenda mtengo kuzungulira thunthu lonse kumaupha, ndipo m'nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi, lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula kapena kuwononga mitengo popanda chilolezo.