Junior Achievement: anthu a bizinesi akalowa m'kalasi kukaphunzitsa za ndalama

Junior Achievement, yomwe ambiri amangoitchula kuti JA, ndi bungwe lomwe si laboma lomwe limatumiza eni mabizinesi ndi anthu ogwira ntchito m'makampani kusukulu kuti akathandize ana pa masamu a tsiku ndi tsiku, kasamalidwe ka ndalama ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Anthuwa salandira malipiro pa ntchitoyi. Amangodzipereka, ndipo nthawi zambiri mabwana awo ndiwo amawapatsa maola oti achoke kuntchito n'kukakhala m'kalasi. Bungweli lidayambira ku America m'chaka cha 1919 ndipo lero likupezeka m'maiko oposa 100, kuphatikizapo South Africa, Zambia ndi Zimbabwe.

Chiyambi chake

JA idabadwira mumzinda wa Springfield, m'chigawo cha Massachusetts. Omwe adaiyambitsa ndi Horace Moses, mkulu wa kampani yopanga mapepala ya Strathmore; Theodore Vail, mkulu wa kampani ya matelefoni ya AT&T; ndi Winthrop Murray Crane, yemwe adakhalapo phungu wa nyumba ya Senate. Pa nthawiyo mabanja ambiri a ku America amasiya minda n'kupita m'mizinda kukafuna ntchito m'mafakitale. Ana a kumudzi adali ndi magulu awo ophunzirirako zaulimi, koma ana a m'tauni adalibe komwe akadaphunzira momwe katundu amapangidwira, momwe mtengo umaikidwira komanso komwe phindu limachokera. Mpata umenewu ndiwo akuluakulu atatuwa adafuna kutseka.

Kwa zaka zoposa 50, ntchito yaikulu ya bungweli imachitika ana akaweruka kusukulu. Achinyamata amapanga kakampani kawo, kugulitsa masheya kwa makolo ndi anzawo kuti apeze mpamba, kusankha atsogoleri, kupanga katundu ndi kumugulitsa. Munthu wodziwa bizinesi amakhala nawo ngati mlangizi chabe. Pakutha pa chaka kampaniyo imathetsedwa, mabuku amatsekedwa, ndipo eni masheya amalandira gawo lawo la phindu ngati lidalipo. Likasowa, anawo amayenera kufotokoza komwe ndalama zidalowera.

Kusintha kwakukulu kudadza m'chaka cha 1975 pomwe bungweli lidayamba ndondomeko yotchedwa Project Business. Kuyambira pamenepo, anthu odziperekawa adayamba kulowa m'kalasi mwenimweni pa nthawi ya maphunziro, mphunzitsi ali pomwepo. Pambuyo pake maphunzirowa adafika mpaka m'makalasi a ana aang'ono a kupulayimale.

Momwe zimayendera

Bungwe ndilo limalemba maphunziro ndi kukonza zipangizo, kampani imapereka anthu ndipo kawirikawiri ndalama zoyendetsera ntchitoyo, pomwe sukulu imapereka kalasi ndi nthawi. Wodzipereka amayamba waphunzitsidwa kaye, kenako amapita kukalasi imodzi kangapo, kapena amaphunzitsa zonse tsiku limodzi, malinga ndi zomwe agwirizana ndi sukuluyo.

Ana aang'ono amayamba ndi kusiyanitsa zinthu zomwe munthu sangakhale popanda izo ndi zomwe mtima umangolakalaka, kuwerenga ndalama zachitsulo ndi kubweza chenje. Okulirapo amaphunzira kulemba bajeti, kuwerengera msonkho ndi chiwongoladzanja. Ku America kuli malo otchedwa JA BizTown, omangidwa ngati tauni yaing'ono yokhala ndi banki ndi masitolo, komwe ana a kupulayimale amagwira ntchito kwa tsiku limodzi, kulandira malipiro ongoyerekeza, kukawasungitsa kubanki ndi kugula zinthu. Ku JA Finance Park, wophunzira amapatsidwa moyo wongoyerekeza wa munthu wamkulu, wokhala ndi malipiro ndi banja, ndipo amayenera kugawa ndalamazo kuti zikwanire nyumba, chakudya ndi mayendedwe.

Cholinga cha zonsezi n'chakuti masamu asiye kuoneka ngati zinthu za pabolodi zokha. Mwana yemwe amathawa funso la maperesenti m'buku amalimvetsa msanga akauzidwa kuti munthu wakongola 100 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa mwezi, ndipo wakhala miyezi iwiri osabweza kalikonse. Akawerengera bwino amapeza kuti ngongoleyo yafika pa 121 osati 120, chifukwa chiwongoladzanja cha mwezi woyamba nacho chabala chake. Kusiyana kwa 1 kumeneku ndiko kumakula mpaka kumiza mabanja m'ngongole za katapila.

Kufalikira kwa ganizoli

Ku Britain, mkulu wina wa banki, Walter Salomon, adaona ntchito ya JA ku America ndipo m'chaka cha 1962 adayambitsa bungwe lofanana nalo lotchedwa Young Enterprise. Mwa zina, bungweli lili ndi mpikisano wa Fiver Challenge, momwe mwana wa kupulayimale amabwerekedwa mapaundi 5 kuti achite nawo kabizinesi kwa mwezi umodzi, kenako abweze mpambawo.

Mabanki nawo adatsata njira yomweyo. Bungwe la mabanki ku America lidayambitsa ndondomeko ya Teach Children to Save m'chaka cha 1997, yomwe imatumiza ogwira ntchito m'mabanki kukaphunzitsa ana kusunga ndalama. Bungwe la mabanki ku South Africa lidatengera ndondomekoyi m'chaka cha 2008, ndipo pambuyo pake idayamba kudziwika ndi dzina loti StarSaver.

Maboma adayambanso kuikapo mtima. M'chaka cha 2005 bungwe la OECD lidalangiza kuti maphunziro a zandalama aziyambira kusukulu, ndipo mu 2012 lidayamba kuyesa luso la zandalama la ana a zaka 15 kudzera m'mayeso a PISA. Kafukufuku yemwe akatswiri awiri a payunivesite ya Cambridge, David Whitebread ndi Sue Bingham, adatulutsa mu 2013 adasonyeza kuti zizolowezi zambiri zomwe zimadzatsogolera munthu pa nkhani ya ndalama zimakhala zitayamba kale kukhazikika mwana akamafika zaka 7. Akale adaneneratu kuti kuongola mtengo m'poyamba. Ku England, maphunziro a zandalama adalowa m'silabasi ya sekondale mu 2014.

Zomwe kafukufuku wapeza

Kudziwa chinthu ndi kuchichita n'zosiyana, ndipo apa ndi pomwe pagona mtsutso. Kafukufuku wa mu 2014 wa Daniel Fernandes, John Lynch ndi Richard Netemeyer, yemwe adasanthula zotsatira za kafukufuku wambiri wam'mbuyo, adapeza kuti maphunziro a zandalama amasintha khalidwe la anthu pang'ono chabe, ndipo mphamvu yake imazilala nthawi ikamapita.

Ku Brazil, akatswiri a World Bank adatsata ophunzira pafupifupi 25,000 m'sukulu za sekondale pafupifupi 900 m'zaka za 2010 ndi 2011. Kumeneko aphunzitsi eniake ndiwo amaphunzitsa za ndalama kwa miyezi yambiri, mkati mwa maphunziro ena monga masamu. Ophunzirawo adadziwa zambiri ndipo adayamba kusunga ndalama kuposa anzawo, komabe ena adayambanso kugula zinthu pa ngongole zodula. Phunziro lomwe likutuluka apa n'lakuti ulendo umodzi wa mlendo m'kalasi sungalowe m'malo mwa mphunzitsi yemwe amakhala ndi anawo chaka chonse. Zomwe mlendo amabweretsa ndi zitsanzo zenizeni za kuntchito, komanso mwayi woti mwana aone ndi maso munthu yemwe amadya chifukwa cha masamu.

Pomwe pali chiopsezo

Kampani ikalowa m'sukulu imakumana ndi makasitomala a mawa adakali aang'ono, asadathe kusiyanitsa phunziro ndi kutsatsa malonda. Zomwe zidachitika ku Australia zikusonyeza bwino vutoli. Commonwealth Bank idayendetsa ndondomeko yosungitsa ndalama kusukulu kuyambira m'chaka cha 1931, yomwe pambuyo pake idatchuka ndi dzina loti Dollarmites. Ana amatsegula maakaunti kubankiyo ndipo sukulu zimalandirapo kangachepe. Mu December 2020, bungwe loyang'anira makampani ndi misika ya ndalama m'dzikolo, ASIC, lidatulutsa lipoti lonena kuti mabanki adalephera kusonyeza kuti ndondomeko zotere zimathandizadi ana kuzolowera kusunga ndalama, ndiponso kuti zidali njira yokopera makasitomala. Zigawo zingapo, kuphatikizapo Victoria, zidaletsa ndondomekozi m'sukulu zaboma, ndipo mu 2021 bankiyo idalengeza kuti ikuthetsa yake.

Pofuna kupewa zotere, OECD idatulutsa malangizo m'chaka cha 2014 okhudza makampani ndi mabungwe omwe amaphunzitsa za ndalama. Mfundo zake zikuluzikulu n'zakuti maphunziro asasakanizidwe ndi malonda, zomwe zikuphunzitsidwa zikhale zosakondera kampani iliyonse, ndipo boma likhale ndi gawo poyang'anira. Apa ndi pomwe kachitidwe ka JA ndi mabungwe onga ilo kali ndi ubwino wake: pakati pa kampani ndi mwana pamakhala bungwe lina lomwe limalemba maphunziro, kotero wogwira ntchito kubanki amabwera kudzaphunzitsa za chiwongoladzanja, osati kudzatsegulitsa maakaunti. Komabe alipo omwe amadandaula kuti ngakhale maphunziro oterewa amaonetsa dziko monga momwe eni mabizinesi amalionera, n'kusiya mbali ya ogwira ntchito ndi ogula.

Palinso nkhani ya chilungamo pa kagawidwe. Makampani ambiri ali m'mizinda, choncho sukulu zoyandikana ndi maofesi ndizo zimalandira alendowa mosavuta, pomwe za kumidzi zimatsalira. Chitetezo cha ana nacho chimafuna kuti mlendo asasiyidwe yekha ndi kalasi.

Mafunso oyenera kufunsa

Pa zonsezi pakutuluka mafunso angapo omwe mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu kapena kholo angafunse kampani isadaloledwe kulowa. Kodi adalemba maphunzirowo ndani, ndipo akugwirizana ndi silabasi? Kodi ana adzapemphedwa kugula kapena kulembetsa chinthu chilichonse? Kodi maina awo adzatengedwa? Kodi odziperekawo adzabweranso, kapena n'za tsiku limodzi lojambulitsa zithunzi? Nanga mphunzitsi adzatsala ndi chiyani chomwe angapitirize nacho alendowo akapita? Kampani yomwe yabwera kudzathandiza ana siyenera kuvutika kuyankha mafunso amenewa.