Sefa yakunja: kunja kwa chiyani?

Mwezi watha ndinalowa m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto mumzinda wa Lilongwe. Makaniko wanga anali atandilangiza kuti Toyota yanga, yomwe inafika kuchokera ku Japan itayenda kale mtunda wautali, ndiyiwonjezere sefa ya oyilo wa giya bokosi. Nditapereka moni ndinati, "Achimwene, ndikufuna sefa yakunja ya giya bokosi ya otomatiki." Mnyamata wogulitsa analowa kuseri, n'kutulukako ndi katoni. "Yakunja yeniyeni ndi iyi, bwana, yochokera ku Japan." Nditatsegula ndinapeza sefa yophwatalala, ija imamangidwa m'kati mwa giya bokosi. Mnyamatayo sanalakwe. Mawu amene ndinamupatsa ndiwo anali operewera.

M'Chichewa, chinthu "chakunja" ndi chochokera kumayiko ena: nsapato zakunja, ndalama zakunja, alendo akunja. Angerezi akamati external filter amanena za sefa yokhala kunja kwa giya bokosi, koma ife tikangonyamula mawuwo n'kuwaveka Chichewa, womvera amaganiza za kumene sefayo inapangidwa, osati pamene imamangidwa. "Kunja" ndi mawu ofuna mnzake. Kunja kwa nyumba, kunja kwa dziko, kunja kwa giya bokosi. Ukawasiya okha, amasocheretsa.

Kuti tipeze dzina loyenera, tiyambe taona ntchito yake. Giya bokosi ya otomatiki imayendera oyilo wotchedwa ATF. Oyiloyu samangofewetsa zitsulo ayi. Pampu imamukankha mwamphamvu m'tinjira ting'onoting'ono ta chigawo chotchedwa valve body, ndipo mphamvu imeneyo ndiyo imagwiritsa ma clutch kuti magiya asinthe okha. Ma clutch akamaperepeseka amatulutsa fumbi, zitsulo nazo zimagwetsa tizidutswa. Pansi pa giya bokosi pali sampu, momwe muli sefa ndi maginito. M'galimoto zambiri sefa imeneyi ndi kawaya kolukana, kamene kamagwira zinyalala zikuluzikulu n'kulola fumbi losalala kudutsa. Oyilo akatentha amatuluka pa paipi kupita ku radiyeta kukazizira, kenaka amabwerera pa paipi ina. Paipi yobwererayi ndi imene makaniko amadula n'kulumikizapo sefa yachiwiri, monga ya Magnefine, yomwe ili ndi pepala losefera komanso maginito akeake. Nthawi zambiri kukamwa kwa paipiyo kumakhala mamilimita 8 kapena 10. Galimoto zina, makamaka zing'onozing'ono za giya bokosi ya mtundu wa CVT, zilibe mapaipi otere, choncho sefayi siyimangika pa galimoto iliyonse.

Tsono apa Chichewa chili ndi chuma chimene sitichigwiritsa ntchito mokwanira: timawu ta malo, pa, ku ndi mu. Sefa yoyamba ili m'sampu, ndiye titi "sefa yam'sampu". Yachiwiri ili pa paipi, ndiye titi "sefa yapapaipi". Palibe wogulitsa amene angasokoneze ziwirizi, chifukwa dzina lililonse likuloza ndi chala pamene chinthucho chimakhala.

Ena afunsa kuti, sefa kapena fyuluta? M'magalaja mumamveka onse awiri, ndipo sindikuthamangitsa fyuluta. Komabe mtima wanga uli pa sefa. Ngakhale ndi mawu obwereka, anakhazikika kalekale mpaka kubereka ana: kusefa, chosefera, chosefedwa. Mayi wosefa ufa pobwera kuchigayo akudziwa kale zimene sefa imachita, monganso agogo athu ankadziwira kukuntha mowa pakhuntho ndi kupeta pa lichero. Mukamuuza mayiyo kuti giya bokosi ili ndi sefa, wamva zonse: chabwino chimadutsa, choipa chimatsala, ndipo sefa ikatsekeka pamafunika kuchitapo kanthu. Fyuluta ilibe mneni, ilibe abale.

Mawu ena oti tisamale nawo ndi "kusintha" ndi "kuwonjezera". Kusintha ndi kuchotsa chakale n'kuikapo china. Kuwonjezera ndi kusiya chakale pamalo pake n'kuchipatsa mnzake. Sefa yapapaipi imawonjezeredwa. Siyilowa m'malo mwa sefa yam'sampu, ndipo siyichotsa udindo wosintha oyilo nthawi ikakwana. Makaniko akanena kuti "tasintha sefa" pamene wangowonjezera, mwini galimoto amapita ali ndi chikhulupiriro choti m'sampu mwayera, chikhalirecho simunatsegulidwe n'komwe.

Nanga "mafuta"? Petulo ndi mafuta, dizilo ndi mafuta, ophikira ndi odzola nawonso ndi mafuta. Ngakhale kunena kuti "oyilo wa giya bokosi" sikokwanira, pakuti wa giya bokosi ya manyuwo, monga 80W-90, ndi wokhuthala ndipo angawononge ya otomatiki. Polumikiza sefa oyilo wina amatayika, ndipo oyilo wothiramo ayenera kutchulidwa ndi dzina lake lonse: Dexron, amene General Motors inayamba kutulutsa mu 1967, T-IV kapena WS wa Toyota, NS-2 kapena NS-3 wa CVT ya Nissan. Mayina awa sitiwamasulira, timawatchula monga alembedwera m'buku la galimotoyo. Chimodzimodzinso muvi wojambulidwa pa sefa: kuuza wophunzira ntchito kuti "uyang'ane uku" n'kumutaya. Muuzeni kuti, "Pa paipi yobwerera, muvi uloze ku giya bokosi." Safunsa anadya phula, koma naye wofunsidwa ayenera kuyankha momveka.

Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi. Koma chinenero sichisungidwa ndi akatswiri okha. Chimakula kapena kufota pansi pa galimoto, m'sitolo ya zipangizo, ndi m'makalasi a sukulu za ntchito zamanja monga Soche ndi Lilongwe Technical College. Amakaniko, aphunzitsi ndi ogulitsa, chonde tchulani chinthu ndi dzina lonena pamene chili ndi chimene chimachita. Inunso eni galimoto, mukapita kukagula, nenani kuti mukufuna sefa yapapaipi.