Kupeputsa Ntchito: Kodi Katundu Apita kwa Yani?

Mau akuti "kupeputsa ntchito" timawamva ponseponse. Mai amene wasiya mtondo napita ku chigayo amati ntchito yapepuka, ndipo kalaliki wa mu ofesi anena chimodzimodzi za kompyuta. Tanthauzo lake ndi kupindula zambiri pogwiritsa mphamvu, nthawi kapena ndalama zochepa. Koma tisaiwale kuti awa ndi mau a katundu: chopepuka ndi chimene sichilemera pamutu. Wosenza aliyense adziwa kuti ukapungula mtolo, zopungulidwazo sizizimirira ai. Wina amazitola.

Mbiri ya Malindi itiphunzitsa zimenezi. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anaona kuti kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pansi kapena pa bwato kunali kutha miyezi ndi miyoyo. Tsono anaitanitsa sitima yotchedwa Chauncy Maples, pokumbukira bishopu wao amene anamira m'nyanja mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa zoposa 3,000, nilumikizidwa kwa Mponda, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Malindi, pa gombe la kum'mawa, anakhala malo okonzerako sitima za mishoni, ndipo anyamata ambiri anaphunzirako zosulasula ndi za makina.

Ntchito inapepukadi. Sitima imodzi inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala, ndipo ulendo wa milungu unasanduka wa masiku. Komabe polambalala mathithi a mu Shire zidutswa zija zinayenda pamitu pa anthu, ndipo boila ya matani 11 inakokedwa pamtunda ndi amuna mazanamazana. Itayamba kuyenda, sitimayo inkadya nkhuni, ndipo pa madooko ake panayenera kukhala odula ndi otuta. Dzina la bishopu tilidziwa; maina a osenzawo sitiwatchula.

Asodzi a m'dera lomweli anadutsa njira yofanana. M'zaka za m'ma 1950 maukonde a nailoni anayamba kulowa m'malo mwa opota pamanja. Pambuyo pake kunabwera mainjini ndi mabwato okoka khoka pakati pa nyanja. Thukuta linachepa, nsomba zinachuluka pa msika. Koma pofika m'ma 1990 chambo chinali chitasowa m'nyanja ya Malombe, ndipo chinachepanso kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Mtolo umene makolo anatula anausenza ndi ana.

Sitikunena kuti tibwerere ku mtondo ndi nkhafi. Mai wopuma msana ndi wodwala wofika msanga kuchipatala ndi phindu lenileni. Tikungoti mauwa tiziwanena mpaka kumapeto. Wina akatiuza kuti makina, lamulo kapena dongosolo latsopano lipeputsa ntchito, timfunse mafunso awiri: lipeputsira yani, nanga chopungulidwacho asenza ndani? Ngati wosenzayo wafunsidwa ndipo walipidwa moyenera, ntchito yapepukadi. Ngati sanafunsidwe, katundu wangosamuka mutu.