MBIRI YA NJINGA ZA M'MAPIRI NDI ZIZINDIKIRO ZA ZAKA ZACE

Munthu wocenjera pogula ng'ombe sakhulupirira mau a wogulitsa okha. Amatsegula kukamwa kwa ng'ombeyo nayang'ana mano, pakuti mano ndiwo anena msinkhu wace weniweni. Njinga nayonso iri ndi malo pamene msinkhu wace uonekera. Utoto ungathe kupakidwa wina, dzina lomata lingathe kumatulidwa, ndipo matayala, cishalo ndi mabuleki zingathe kusinthidwa kambirimbiri. Koma felemu, ndiyo mapaipi olumikizana aja amene zonsezi zimangidwapo, imakhala monga momwe inacokera m'manja mwa mmisiri.

M'misika ya m'maiko a kuno mumafika njinga zambiri zogwirapo kale nchito, zocokera kutsidya kwa nyanja. Pakati pa izo pali zija za matayala onenepa ndi magiya ambiri, zimene zichedwa njinga za m'mapiri. Zina nzonyezimira koma zosakhalitsa; zina nzosuluka, za zaka makumi atatu kapena anai, koma zolimba ndithu. Wosadziwa kusiyanitsa angathe kuononga ndalama zace pa cinthu cacabe, kapena kutaya kudzala cinthu ca mtengo wapatali. Njira yodziwira zaka za njingazi iri m'mbiri yace, cifukwa kusintha kulikonse kumene kunacitika pa felemu kunali kuyankha bvuto limene okwera anakomana nalo m'phiri.

KUMENE ZINAYAMBIRA

Ku California, m'dziko la America, kumpoto kwa mzinda wa San Francisco, kuli boma lochedwa Marin, ndipo m'bomalo muli phiri la Tamalpais. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a kumeneko anayamba kutsetsereka ndi njinga m'miseu ya dothi ya m'phirimo. Njinga za mpikisano za masiku amenewo zinali za matayala oonda, osatha kupirira miyala. Cotero anyamatawo anatolera njinga zakale za kampani ya Schwinn, zopangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, zimene eni ace anali atazitaya. Zinali zolemera, koma matayala ace anali onenepa. Anazicha dzina lacipongwe lakuti klunker, ndiye kuti cinthu cakutha colira gwedegwede.

Pa 21 October 1976, pafupi ndi tauni ya Fairfax, anacita mpikisano wao woyamba wotsika phiri. Mseu wace unali wa mailosi pafupifupi awiri okha, koma unali kutsika mafiti 1,300. Zambiri mwa njingazo zinali ndi buleki ya m'kati mwa habu ya kumbuyo, yogwira munthu akapalasa cambuyo. Pofika kunsi habuyo inali itatentha, girizi atapsa ndi kutuluka utsi, kotero kuti mwini njinga anayenera kuimasula ndi kuikamo girizi wina. Ncifukwa cace mpikisanowo unachedwa Repack, kutanthauza kulongedzanso. Mafelemu akalewo nawonso anali kupindika ndi kuthyoka, ndipo panafunika ena opangidwira dala nchito imeneyi.

AMISIRI OYAMBA NDI MALUMIKIZIDWE AO

M'caka ca 1977 Joe Breeze, mmodzi wa anyamatawo, anapanga njinga imene anthu ambiri aiyesa njinga yoyamba yeniyeni ya m'mapiri, pakuti felemu ndi zipangizo zace zonse zinali zatsopano. Anapanga khumi za mtundu umenewo, nazimaliza mu 1978. Zidziwika ndi mapaipi awiri oonda ocokera kukhosi kwa njinga, pamene palowa foloko, kupita molunjika ku habu ya kumbuyo. Yoyamba ya izo isungidwa ku Smithsonian, nyumba yosungiramo zinthu zakale mu mzinda wa Washington.

Mu 1979 mmisiri wina wacinyamata, Tom Ritchey, anayamba kupanga mafelemu oculuka. Gary Fisher ndi Charlie Kelly anali kumangapo zipangizo ndi kugulitsa, ndipo kampani yao anaicha MountainBikes. Mu 1981 kampani ya Specialized, ya Mike Sinyard, inapangitsa ku Japan njinga yochedwa Stumpjumper, niigulitsa pa mtengo wa madola 750, ndiwo pafupifupi theka la mtengo wa njinga za amisiri aja. Kuyambira pamenepo njinga za m'mapiri zinasanduka malonda a mafakitale.

Cizindikiro coyamba ciri pamene mapaipi akomana, ndipo malumikizidwe ace ngamitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wa tizitsulo tonga zipewa, timene nsonga za mapaipi zimalowamo, monga pa njinga zakuda za Raleigh ndi Humber zimene zinafala kuno kale. Njinga ya m'mapiri ya zipewa zotere kawirikawiri ndi ya zaka za m'ma 1980, kapena ya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mtundu waciwiri ndi wa mkuwa wosungunula, wounjikidwa pa mfundo ndi kupalidwa mpaka kusalala, kotero kuti paipi ina ioneka ngati yamera pa inzace. Imeneyi ndi nchito ya manja yodya nthawi, ndipo ndi imene inachukitsa Ritchey. Mtundu wacitatu ndi woocherera ndi magetsi, umene usiya mzere wonga mamba a nsomba. Unali wacangu ndi wosadula, cotero pofika 1990 mafakitale ambiri anali atatsata umenewu.

UTALI NDI MAONEKEDWE

Njinga zoyamba zinatengera maonekedwe a Schwinn zakale zija, cifukwa zinapangidwira kutsika phiri. Zinali zazitali, foloko yace inali yopendekera kutsogolo kwambiri, ndipo mapaipi awiri apansi, ocokera pa mapedulo kupita ku habu ya kumbuyo, anali a mainchesi 18 kapena kuposerapo. Zambiri zinali ndi mahandulo ochedwa bullmoose, amene anaocherera pamodzi ndi cogwirira cace, nakhala ndi kampata ka ngondya zitatu pakati. Mahandulo otere anafala kufikira ca m'ma 1985.

Koma mipikisano itayamba kukhala yokwera ndi yokhotakhota, njinga yaitali inaoneka yaulesi pokhota, ndipo tayala la kumbuyo linali kuterereka pa mtunda. Amisiri anafupikitsa mapaipi apansi aja kufikira mainchesi 17 kapena kuceperapo, naimika foloko cowongokerapo. Cotero munthu wokhala ndi tepi yoyezera angathe kusiyanitsa njinga ya 1984 ndi ya 1990 pa kamphindi kocepa. Ena anakweza mapaipi apansiwo kuti adzere pamwamba pa cheni, monga pa njinga ya Nishiki Alien. Maonekedwe amenewa anachuka kuyambira ca m'ma 1989, koma patapita zaka zowerengeka anazimirira. Mpata wa kumbuyo, pamene palowa habu, nawonso unakula pamene magiya anali kuculuka: pa njinga zoyamba unali mamilimita 126 kapena 130, koma kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 unakhazikika pa 135.

Citsulo cace cinenanso kanthu. Mafelemu oyamba pafupifupi onse anali a citsulo, ndipo abwino anali a citsulo colimba koma copepuka cochedwa chromoly. Mu 1984 kampani ya Cannondale inayamba kugulitsa njinga za m'mapiri za aluminiyamu, za mapaipi onenepa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 aluminiyamu anali atafala koposa. Maginito agwira citsulo, koma sagwira aluminiyamu.

ZICIRI ZA MABULEKI

Mabuleki a njingazi amamangidwa pa tiziciri toocherera pa felemu, ndipo ngakhale mabuleki atacotsedwa, tiziciri timatsala. Poyamba kunali mabuleki ochedwa cantilever, amene tiziciri tace tiri pa mapaipi otsika kucokera ku cishalo, m'munsi pang'ono mwa limu. Ca m'ma 1986 makampani ambiri anasamutsira buleki ya kumbuyo kunsi kwa mapaipi apansi, pafupi ndi mapedulo, ndipo yofala inali ya maonekedwe a lemba la U. Anaganiza kuti malowo ngolimba, ndipo buleki idzagwira mwamphamvu. Koma matope onse anali kuunjikana pomwepo, ndipo kukonza kunali kobvuta. Pofika 1989 ambiri anali atabwerera ku malo akale. Cifukwa cace felemu ya tiziciri ta kunsi kawirikawiri ndi ya pakati pa 1986 ndi 1988. Wogula ayenera kudziwanso kuti mabuleki wamba a masiku ano sakwanira pa tiziciri timeneti.

Mu 1996 kampani ya Shimano ya ku Japan inatulutsa mabuleki ochedwa V-brake, a mikono iwiri yaitali, amene waya wace ulowera cammbali. Mabuleki a cantilever anali kufuna kacitsulo kogwira waya pakati, kuseri kwa cishalo, koma atsopanowa sanali kukafuna. Felemu yokhala ndi kacitsulo kameneka kawirikawiri ndi ya caka ca 1996 cisanapite. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunayamba kuoneka timakutu tiwiri ta zibowo pafupi ndi habu, kumanzere, tomangirapo buleki yogwira mbale ya citsulo. Felemu ya timakutu timeneti si ya zaka zoyambirira ai.

KHOSI NDI FOLOKO

Pa njinga za m'ma 1980 paipi ya foloko yolowa m'khosi inali ya inchi imodzi, ya mazinga, yomangidwa ndi nati yaikulu pamwamba. Mu 1989 Gary Fisher anabweretsa yaikulu, ya inchi imodzi ndi kota, pofuna kulimbitsa kutsogolo kwa njinga, koma imene inapambana inali yapakati, ya inchi 1 1/8. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 kunafika njira ina yochedwa AheadSet, yopanda mazinga ndi nati, imene cogwirira mahandulo cimakumbatira paipi ya foloko kunja.

Foloko yodidimira, yocepetsa mabampu, inadza ndi kampani ya RockShox ya Paul Turner mu 1989. Inachuka mu 1990, pa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa bungwe la UCI ku Durango, m'cigawo ca Colorado, kumene Greg Herbold anapambana nayo potsika phiri. Popeza foloko yotere njaitali kuposa yacitsulo cokha, amisiri anayamba kukweza khosi la felemu. Njinga ya foloko wamba, koma ya mpata waukulu pakati pa tayala ndi mphanda ya foloko, ndi ya nyengo imeneyi kapena ya pambuyo pace.

MANAMBALA NDI MALEMBA

Munthu akagadabuza njinga, kawirikawiri adzapeza nambala yodindidwa kunsi kwa felemu, pakati pa mapedulo. M'manambala ambiri muli caka, koma fakitale iriyonse inali ndi kalembedwe kace, cotero nambala iri yokha siimasulika msanga. Cothandiza koposa ndi malemba awiri ang'onoang'ono amene a Shimano adinda kuseri kwa zipangizo zao. Lemba loyamba linena caka: A ndi 1976, B ndi 1977, K ndi 1986, O ndi 1990, mpaka Z amene ndi 2001, pamenepo ayambanso ndi A. Lemba laciwiri linena mwezi, kuyambira A wa January kufikira L wa December. Cotero malemba akuti LC atanthauza March 1987. Zipangizo zingapo zikagwirizana caka, njingayo inamangidwa caka comweco kapena cotsatira cace.

Kapepala konena dziko kumene njinga inapangidwa nakonso ndi mboni. Kuyambira 1985 ndalama ya ku Japan inakwera mphamvu kwambiri, njinga za kumeneko zinadula, ndipo makampani ambiri a ku America anasamutsira nchito ku Taiwan.

MBONI IMODZI SIIKWANA

Pa mlandu akuluakulu saweruza ndi mboni imodzi. Foloko ingakhale yobwereka ku njinga yina, ndipo kampani ina ingakhale inacedwa kusiya njira yakale, monga a GT amene anasunga buleki ya U kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Koma malumikizidwe, utali, tiziciri, khosi ndi malemba zikanena cimodzi, caka ca njingayo cadziwika, kapena caphonyeka ndi caka cimodzi kapena ziwiri zokha.

Kucokera pa mpikisano wa Repack kufikira 1996, pamene njinga za m'mapiri zinalowa m'masewera a Olympic ku Atlanta, panapita zaka 20 zokha. Njinga za zaka zimenezo zisungidwa mwaulemu ku Marin Museum of Bicycling, nyumba imene inatsegulidwa ku Fairfax mu 2015. Zinzace zambirimbiri zikali pa mseu m'maiko akutali, zikunyamula matumba a cimanga ndi ana a sukulu. Felemu yacitsulo yopanda mng'alu kapena dzimbiri lakuya, ikapatsidwa matayala ndi mabuleki oyenera, ingathe kutumikira mwini wace zaka zinanso zambiri.