Ulendo wa ku Dziŵe la Malaŵi

Munthu akaima pa msika wa Mitundu m'mwezi wa Okutobala dzuŵa lisanakwere, nayang'ana kumadzulo chakumwera, amaona mzere wa mapiri utagona patali, uli mbuu ngati utsi wa lupsa. Amenewo ndiwo mapiri a Dzalanyama, ndipo kuseri kwake ndi dziko la Mozambique. Pa misewu ya fumbi yochokera kumeneko pamatsika njinga zosenza matumba a makala, eni ake akukankha, thukuta lili kamukamu, pa ulendo wa ku Lilongwe. Makolo a anthu omweŵa ankayenda njira zimenezi chokwera, nawonso atasenza katundu: makasu osula, nsalu zakuda, minyanga ya njovu, ndi mbuzi yakuda ili pa chingwe. Ankapita ku Msinja, m'tsinde mwa mapiriwo, kukapempha mvula kwa mai wotchedwa Makeŵana, amene mphamvu yake inali pa dziŵe lopatulika lotchedwa Malaŵi.

Dziko lino lili ndi nyanja zazikulu m'zigwa, koma nyanja za pamwamba pa mapiri n'zosoŵa. Yodziŵika bwino ndi Kaulime, pa Nyika, kumpoto, pamalo okwera kupitirira mamita 2,000, kumene chisanu chimaŵaula udzu m'mwezi wa Juni. Ndiyo nyanja yokha ya pa Nyika imene sadakumbe anthu, ndipo amene amakhala m'munsi mwa phirilo amasimba kuti m'madzi mwake mumakhala njoka ya mizimu, imene makolo ao ankaipatsa nsembe. Anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje alibe nyanja yotere. Komabe wa ku Nyika ndi wa ku Dzalanyama akadakumana pa moto umodzi, akadamvana msanga, pakuti onse aŵiri ankadziŵa madzi a kumapiri amene munthu sangawafikire mwachibwana, ndipo onse aŵiri ankati m'madzimo muli njoka. Acheŵa njoka yaoyo ankaitcha Thunga.

Mbiri ya Msinja imayambira pamwamba pa Dzalanyama, pa kaphiri kotchedwa Kaphirintiwa. Akuluakulu amati pachiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kumwamba kudatseguka, mvula idagwa, ndipo pamodzi ndi mvulayo padatsika mwamuna ndi mkazi atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Padatsikanso nyama zonse, ndi Chauta mwini wake. Thanthwe limene adapondapo linali likadali lofeŵa, nchifukwa chake mapazi ao adatsala pamwalapo. Onse adakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiŵiri. Tchire lidayaka, nyama zidathaŵa zili ndi mkwiyo, kupatula galu, mbuzi ndi ng'ombe zimene zidathamangira kwa munthu, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ndi nthano, inde, koma amene adaipeka adali anthu openya. Adaika mvula ndi phiri pamalo amodzi, naika chiyambi cha mavuto pa moto wolusa m'nkhalango.

Pa Kaphirintiwa mpamene padali kachisi woyamba wa Chisumphi, dzina la Mulungu pamene anthu akumtchula ngati wopatsa mvula. Oyang'anira kachisiyo adali a mfunda wa Banda, amene mbiri imati ndiwo adayamba kufika kuno. Pambuyo pake padafika a Phiri, ndi mafumu ao aakulu, Kalonga ndi Undi. Mphamvu idagaŵika paŵiri: a Phiri adatenga ufumu, milandu ndi nkhondo, a Banda nasunga nthaka ndi mvula. Mfumu ya mikondo yambiri inkatha kulanda mudzi, koma mitambo ikakana inkayenera kutuma nthumwi kwa mai wa kwa Banda, mphatso zili kumanja. Patapita nthaŵi kachisi adatsika kuchoka pa Kaphirintiwa nakhazikika pa Msinja, ndipo mudziwo udakula, nusanduka likulu la chipembedzo cha Acheŵa a mbali zonse za Dzalanyama, pamodzi ndi a m'dziko la Undi, limene lero lagaŵika pakati pa Mozambique ndi Zambia.

Dzina lakuti Makeŵana litanthauza mai wa ana, ndiye kuti mai wa anthu onse. Silidali dzina la munthu mmodzi. Lidali udindo, ndipo mai wina akachoka, wina ankaloŵa. Woloŵayo sankasankhidwa ngati mfumu ya mudzi. Ankadziŵika pogwidwa ndi mzimu ndi kubwebweta, ndipo akuluakulu a pa kachisi ankayamba amuyesa ndi mafunso asanamlandire. Akalandiridwa, moyo wake wakale unkathera pomwepo. Sankakwatiwa, chifukwa adali mkazi wa Chisumphi, amene ankamuyendera m'maonekedwe a Thunga. Ankavala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula, ndipo amati ankagona pa minyanga ya njovu. Tsitsi lake silinkametedwa, pakuti kulimeta kukadakhala kumeta mvula. Ankatumikiridwa ndi akazi otchedwa Matsano, amene nawonso sankakhala pa banja. Padali Kamundi, wa mfunda wa Mbeŵe, amene pa miyambo ina ankaimira Thunga. Padalinso Tsang'oma, wosunga ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, imene amati idalandidwa kwa Akafula, anthu aafupi amene Acheŵa adawapeza m'dziko muno.

Tsono taganizani za chaka cha chilala m'midzi ya ku Nathenje zaka 200 zapitazo. Mvula ya chizimalupsa yagwa, anthu abzala, mmera watuluka. Kenaka kumwamba kwayera mbee, sabata ziŵiri, zitatu, mwezi. Mapira ayamba kupota masamba. Mudzi wayamba wapereka nsembe pa kachisi wake wamng'ono pansi pa mtengo, amai athira ufa ndi moŵa, koma osaphula kanthu. Pamenepo mafumu ankagwirizana zotuma anthu ku Msinja. Kuchokera ku Nathenje munthu wapansi, wosenza katundu ndi kukoka mbuzi, sakadafika tsiku limodzi. Ankadutsa madambo ouma ong'ambika ming'alu, phiri la Bunda lili poteropo ngati chizindikiro cha njira, nagona m'midzi ya eni ake amene nawonso maso adali kumwamba. Akayandikira Dzalanyama minda inkatha, nkuyamba nkhalango ya miombo ndi misuku, mmene munali njovu, njati ndi mikango. Dzina lenilenilo la Dzalanyama likunena za kuchuluka kwa nyama. Apaulendowo ankayenda ndi mantha aŵiri, a zilombo za m'njira ndi a mau amene akamve akafika, chifukwa Makeŵana sankangolandira mphatso. Ankanenanso chimene chamanga mvula: magazi okhetsedwa, chigololo cha pachibale, mwambo wosiyidwa, mfumu yochita nkhanza. Nthumwi inkatha kubwerera kwao itasenza chidzudzulo cha mfumu yake yomwe.

Nsembe zikaperekedwa, Tsang'oma ankaomba Mbiriwiri, ndipo Makeŵana ankapita ku dziŵe la Malaŵi. Osimba amati ankaloŵa m'madzimo nakhala momwemo mpaka masiku atatu, akulankhula ndi Chisumphi, ndipo potuluka ankatuluka ndi mvula. Dziŵelo munthu wamba sankaliseŵeretsa. Za masiku atatuwo aliyense aganize monga afuna. Chimene chili chosakayikitsa n'chakuti anthu ankakhulupirira, ndipo chikhulupirirocho chinkawayendetsa mitunda yaitali, chinkasonkhanitsa mafumu osamvana pa bwalo limodzi, ndiponso chinkasunga madzi ndi mitengo ya pamalopo popanda mlonda wa mfuti.

Koma tisakometse zakale kupitirira muyeso. Mvula ikakanabe, mlandu unkafuna mwini wake, ndipo mkazi wa Chisumphi sakadalakwa. Mbiri imati wolakwa ankakhala Tsang'oma, ndipo chilango chake chinali imfa. Udindo umene unkapatsa munthu ulemu m'zaka za dzinthu unkamudyanso m'chaka cha njala. Amene amalakalaka masiku amenewo aziyamba aganizira za munthu ameneyu, atakhala pakhomo la nyumba ya ng'oma, akuŵerenga masiku, kumwamba kuli ngwee.

Chimene chidagwetsa Msinja chidachokera kumwera. M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi, ndipo gulu lina, la Amaseko, litazungulira kum'maŵa kwa nyanja, lidabwerera nkudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, mtsogoleri wao ali Chidyaonga. Nthaŵi yomweyo ogula akapolo ndi minyanga adali atadzaza njira zonse. Ankhondo achilendoŵa sankaopa Thunga, ndipo minyanga imene mafumu adaunjika pa kachisi kwa mibadwo yambiri idali chuma chooneka ndi maso. Angoni adathira nkhondo Msinja naupasula, otumikira pa kachisi nabalalika. M'chigwa chonse cha Lilongwe anthu adasiya midzi ya poyera. Ena adamanga malinga a dothi, ena adathaŵira m'mapiri. Anthu a Mazengera adakwera phiri la Nkhoma, ndipo ndi komweko kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adawapeza pokhazikitsa mishoni ya Nkhoma m'chaka cha 1896. Mapiri amene kale anthu ankakwera kukapempha mvula adasanduka malo obisalako mikondo.

Chipembedzo cha mvula sichidafe tsiku limenelo. Paja amati madzi saiŵala khwaŵa. Kachisi wa pa phiri la Bunda, pafupi ndi Mitundu, adapitiriza kulandira nsembe, ndipo mai woyang'anira kumeneko ankatchedwa Chauwa. A kwa Tsang'oma nawo adasunga udindo wao ndi dzina la ng'oma yao. Ngakhale pa Msinja pomwe anthu adabwererapo nkuutsanso kachisi. Koma mphamvu yoitana mafumu a dziko lonse idapita osabwerera. Boma la Angerezi lidafika m'chaka cha 1891 ndi msonkho wake ndi mabwalo ake a milandu, mishoni zidatsegula sukulu, ndipo ana a sukuluzo adaphunzira kupempha mvula m'tchalitchi.

N'zochititsa chidwi kuti mmodzi wa ana a sukulu za mishonizo ndiye adathandiza kuti mbiriyi isatayike. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adasonkhanitsa zonena za akuluakulu nalemba buku la Mbiri ya Acheŵa m'zaka za m'ma 1940. M'chaka cha 1952 mkulu wina wa boma la atsamunda, W. H. J. Rangeley, adasindikiza nkhani ya Makeŵana m'magazini ya Nyasaland Journal, ndipo zambiri zimene zimanenedwa lero za maudindo a pa Msinja zidachokera m'zimene iye adamva kwa nkhalamba za nthaŵi imeneyo. Pambuyo pake wansembe wa Chikatolika, J. W. M. van Breugel, adafufuza za chipembedzo cha Acheŵa m'chigawo cha pakati, ndipo buku lake lidatuluka m'chaka cha 2001. Onseŵa adalemba Msinja atapasuka kale, kuchokera m'kamwa mwa adzukulu a amene adaona, kotero kuti mau ao amasiyana apa ndi apo, monga zimakhalira mboni zikachuluka pa bwalo. Za dzina la dziŵelo, limene lili limodzimodzi ndi dzina limene dziko lino lidatenga polandira ufulu m'chaka cha 1964, ena amati lidachokera ku malaŵi a moto, ena ku kunyezimira kwa dzuŵa pa madzi. Malo otchedwa Malaŵi adalipo angapo m'dziko la Amaravi, ndipo dziŵe la Makeŵana lidali amodzi mwa iwo.

Nkhalango ya Dzalanyama idaikidwa m'manja mwa boma m'chaka cha 1922 kuti ikhale yotetezedwa, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 99,000. Chifukwa chachikulu choitetezera chidali madzi. Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe imayambira m'mapiri amenewa, mmene mitengo ndi madambo zimagwira mvula ya dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. M'chaka cha 1966 damu loyamba la Kamuzu lidamangidwa pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, lachiŵiri nkudzatsatira m'chaka cha 1989, likulu la dziko litasamukira kale ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Motero mzinda umene lero uli ndi anthu oposa miliyoni imodzi umamwa madzi a mapiri omwe aja a Makeŵana, ndipo mzinda womwewo ndiwo umagula makala a mitengo yake, pakuti mabanja ambiri a m'tauni alibe china chophikira. Wootcha makala naye ali ndi ana ofuna chakudya ndi fizi. Mitengo itachepa, dothi lidayamba kukokolokera m'madamu, ndipo m'chaka cha 2015 boma lidatumiza asilikali a nkhondo kukalondera nkhalangoyo.

Wofuna kukaona Kaphirintiwa lero amayenda pa galimoto kapena pa njinga yamoto mpaka m'mphepete mwa nkhalango, nafuna munthu wa m'midzi ya komweko womtsogolera, chifukwa tinjira ta ootcha makala tachuluka ndipo timasokeretsa. Njovu ndi njati zidatha kalekale. M'malo ambiri amadutsa zitsa ndi maenje akuda a mauvuni, kenaka nkuloŵa m'miombo imene idakalipo, imene m'mwezi wa Seputembala imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe. Akafika pa thanthwe, womtsogolerayo amamsonyeza maenje a pamwala, nati ili ndi phazi la munthu, ili la nyama, apa padakhala mtondo.