Kodi amene anayambitsa makina osokera ndi Singer?

FUNSO: Ndikaweruka kuntchito ndimakonda kusoka kunyumba, makamaka madiresi a ana ndi makatani. Makina anga ndi akale opondera ndi mwendo, olembedwa kuti Singer. Kodi munthu ameneyu ndiye anayambitsa makina osokera? (Mayi wosoka, Zomba)

YANKHO: Ayi mayi, Singer anadzakolola m'munda wolima ena. Mmisiri wa matabwa wa ku England, Thomas Saint, analembetsa kuboma pulani ya makina osokera zikopa mu 1790, koma pulaniyo inangogona m'mafayilo mpaka 1874 pamene munthu wina anaitulukira. Woyamba kusoka zovala zambiri pa makina anali telala wa ku France, Barthélemy Thimonnier, yemwe analandira chiphaso cha umwini wa luso lake mu 1830. Anaika makina pafupifupi 80 mu Paris n'kumasoka yunifolomu ya asilikali. Matelala osoka pamanja ataona kuti ntchito iwathera, analowa m'nyumba imene munali makinawo n'kuwaphwanya. Mkuluyu anamwalira ali wosauka mu 1857.

Makina a Thimonnier ankasoka ndi ulusi umodzi, ndipo msoko wotere ukaukoka kumapeto umasololoka wonse. Pamenepa ndi pamene panagona vuto. Tazulani singano ya makina anuwo muiyerekeze ndi yosokera pamanja. Ya pamanja bowo lake lili kumbuyo, chifukwa singano yonse imabowola nsalu n'kutulukira mbali inayo, dzanja n'kuilandira. Makina alibe dzanja lolandirira. Ndiye bowo analisamutsira kunsonga, kuti singano ingolowetsa ulusi pansi pa nsalu n'kubwerera. Ikamabwerera, ulusiwo umatsala utapindika pang'ono, ndipo ulusi wachiwiri wochokera pa bobini umadutsa popindikapo. Awiriwo amakolana m'kati mwa nsalu. N'chifukwa chake ulusi wa pamwamba ukalimba kapena kukhwepa kwambiri, msoko umatuluka wa makwinya kapena wa malupu kunsi.

Nzeru ya maulusi awiri anayamba nayo ndi Walter Hunt wa ku New York m'ma 1830, koma sanailembetse. Elias Howe anapanga makina akeake n'kulembetsa mu 1846. Isaac Singer, munthu amene ankakonda zisudzo kuposa zitsulo, anadzalembetsa ake mu 1851. Tisamunyoze: makina ake anali osavuta kugwiritsa ntchito, singano yoyenda chotsika ndi chokwera, kaphazi kopanikiza nsalu, ndi chopondera chimene chimasiya manja onse awiri akuwongolera nsalu. Komabe singano ya bowo kunsonga ndi msoko wa maulusi awiri zinali m'chiphaso cha Howe. Nkhani inapita kukhoti, Howe anapambana mu 1854, ndipo Singer analipira madola 15,000.

Nanga bwanji dzina lomveka ndi la wogonja pamlandu? Yankho lili pa kagulitsidwe. Makina ankagulitsidwa madola 100 kapena kuposerapo, ndalama imene banja wamba silikanaitulutsa pakamodzi. Mu 1856 Edward Clark, loya amene ankayendetsa kampani limodzi ndi Singer, anayambitsa zoti munthu apereke kangachepe, atenge makina, zotsalazo azilipira mwezi ndi mwezi. Ine ndimaona kuti chimene chinachotsa makina m'fakitale n'kuwalowetsa m'nyumba za anthu ndi ngongole imeneyi, osati luso la Singer. Kampaniyo inatsegula fakitale ku Glasgow mu 1867, kenako ina yaikulu kwambiri ku Clydebank m'ma 1880, yomwe inatsekedwa mu 1980. Makina ambiri akuda a maluwa agolide amene anafika m'mayiko olamulidwa ndi Britain ankachokera kumeneko, ndipo opondera a ku China onga Butterfly, amene timawaona m'makonde a masitolo, anatengera kapangidwe komweko.

FUNSO: Nanga mapatani a pepala odulira nsalu anayamba liti? (Wophunzira utelala, Kasungu)

YANKHO: Mapatani analipo kale, koma ankabwera a saizi imodzi, wosoka n'kumavutika yekha kukulitsa kapena kuchepetsa. Mu 1863 telala wa ku Massachusetts, Ebenezer Butterick, pamodzi ndi mkazi wake Ellen, anayamba kugulitsa mapatani a masaizi osiyanasiyana. Oyamba anali a zovala za abambo ndi anyamata, ndipo a zovala za amayi anatsatira mu 1866. Ankawadula papepala lopyapyala kwambiri kuti azipindika bwino n'kutumizidwa pa positi. Matelala ambiri akwathu sadalira mapepalawa. Amakuyezani ndi tepi, kulemba pansalu ndi choko, basi sizasi n'kuyamba kudula.